Jombo za M'bokosi za a Chimbalanga

Panali bambo wina kuno ku Chilinde, a Peterson Chimbalanga, mkulu wa mpingo, aja ankayenda mutu uli m'mwamba ngati msewu ndi wawo. Nkhaniyi wandiuza ndi mlamu wawo weniweni amene timagulitsa naye tomato pamsika, ndiye musati ndikupeka.

Bamboyu ali ndi mwana mmodzi, Angella. Mtsikanayu amagwira ntchito ku Uganda pa kampani yotenga alendo kukwera mapiri ndi kukaona anyani akuluakulu aja amati magorila ndi achimpanzi. Zaka zinayi akulembera azungu maulendo muofesi, iye gorila osamuonako ndi maso. Chaka chatha abwana ake anamupatsa zilolezo ziwiri zokaonera magorila, za tsiku limodzi lokha. Likadutsa tsikulo, basi zapita. Anzake ankati atenge chibwenzi. Iye anati, "Ine ndikwera ndi adadi anga."

Kutatsala miyezi iwiri anawatumizira jombo zokwerera mapiri, zatsopano, za m'bokosi. Anaimba foni.

"Adadi, jombozo muzivala tsiku ndi tsiku. Muziyenda nazo mpaka ku Kawale ndi kubwerako, zifewe, zizolowere phazi. Mukadzazivala koyamba kuphiri zidzakudyani."

"Ndamva, mayi."

"Mwamvadi?"

"Iwe, nsapato ndinayamba kuvala usanabadwe."

Abale, anazivala? Anazitulutsa, kuzinunkhiza, kuzibwezera m'bokosi ndi mapepala ake omwe, n'kuziika pamwamba pa kabati. Alendo akabwera ankazitsitsa kuwaonetsa. Wina akafuna kugwira, "Sambani kaye m'manja." Fumbi la Chilinde lidetse nsapato zochokera kunja? Ayi ndithu. Angella akafunsa ankangoti, "Zafewa kale ngati buledi."

Anakwera ndege atavala nsapato zawo za kutchalitchi, jombo zili m'chikwama.

Tsiku loyamba anapita kunkhalango ya achimpanzi, bamboyo atavala jombo zija koyamba. Achimpanzi sakhala pansi kudikira munthu, umachita kuwathamangira uku akukuwa m'mitengo. A Chimbalanga anaseka mpaka misozi, amvekere, "Awa ndi a komiti ya kumpingo kwathu enieni!" Koma pobwerera zidendene zinali zitatuluka matuza. Sananene. Analowa kuchipinda, kupaka mafuta odzola, kuvala masokosi awiriawiri.

Tsiku la magorila linafika. Anali anthu asanu ndi atatu ndi wowatsogolera wa yunifolomu. Phiri lake si Ngwenya wathuyu ayi. Kuzizira, matope, nkhungu, ndipo ukamakwera mpweya umachepa, munthu kumangoti wefuwefu. Wotsogolera uja anayang'ana kayendedwe ka a Chimbalanga n'kufunsa ngati ali bwino. Angella anawamasulira.

"Muuze kuti ine ndinakulira ku Dedza," anatero.

Anakwera maola atatu. Kenako bambo aja anangokhala pansi pamtengo wakugwa. Angella anagwada n'kuyamba kumasula zingwe.

"Usavule, mwanawe, pali anthu."

Anavula. Masokosi onse anali atamatirira ndi magazi. Jombo m'kati zolimba gwa, kapepala ka mtengo kakadali pansi pake.

"Adadi, simunazivaleko?"

Mkulu wa mpingo uja, amene amadzudzula anthu pa guwa, anayamba kulira ngati mwana.

"Mayi, ine chibadwire nsapato zanga zonse ndi za pakaunjika, zovala kale eni ake. Izi ndi zoyamba za m'bokosi, wagula ndiwe. Ndimaopa kuzitha."

Wotsogolera analankhula pa wailesi yake n'kunena kuti magorila ali pafupi, mwina theka la ola, koma pokwera pake ndi poima njo, ndipo gulu silingadikire chifukwa anyaniwo amasuntha. Anati mlonda mmodzi wa m'nkhalangomo atsala ndi bambowo, Angella apitirire.

"Pita," anatero a Chimbalanga. "Zaka zinayi, mwanawe. Pita ukandionereko."

"Ndikaone ndi ndani? Ine ndinati ndikwera ndi inu."

"Angella, ndine bambo ako, ndikukulamula."

"Lamulani muli chikhalire pomwepo. Bweretsani phazi."

Gulu linapita. Mtsikana uja anatenga madzi ake akumwa n'kuwatsuka bambo ake mapazi, chala chimodzichimodzi. Anang'amba chitenje chimene anafunda n'kuwamanga. Inu, mwana wamkazi wamkulu kugwira mapazi a bambo ake! Akuti bamboyo anangoyang'ana kumbali, manyazi, uku dzanja lili pamutu pa mwana wawo.

Ali chikhalire choncho, kumtunda m'nkhungu kunamveka pu pu pu pu, ngati munthu akumenya chigubu chopanda madzi. Mlonda uja anamwetulira n'kudzimenya pachifuwa.

"Ndi gorila ameneyo?" anafunsa bambowo monong'ona.

"Ndi yemweyo, adadi. Bambo wa banja."

"Naye ali ndi ana?"

"Akuti asanu."

"Amumvere bwino. Koma nayenso aziwamvera."

Sanaone ngakhale ubweya wake. Potsika anawanyamula pa machira amuna anayi, iwo atadziphimba kumaso ndi chipewa, akudandaula njira yonse kuti machira amakwera ndi maliro. Angella ankayenda pambali atawagwira dzanja mpaka kufika pagalimoto. Atabwerera kuno, a Chimbalanga anakafotokoza kumpingo kuti magorila sanawaone chifukwa kunagwa mvula yambiri. Koma Lachitatu lake anapita okha kwa abusa kukanena kuti ananama.

Phunziro: Makolo anzanga, mwana akakuuzani chinthu cha kuntchito kwake mverani, akudziwa ndi iyeyo. Ndipo akakugulirani chinthu, valani, dyerani, gonerani, chithe. Mbale zija mukusungira alendo ndi zitenje zili pansi pa sutikesi, mwana anagula kuti akuoneni nazo muli moyo. Tumizani uthengawu kumagulu anu onse, makamaka la kumpingo ndi la kubanja, ufike kwa amalume aja mukuwadziwa.