Mbale ya Natasha Imabwela Yoyela

A Eneless anali kumangilila nkhumba yao kumtengo wa mango pomwe alamu ao, a Charity, anatsika pa njinga yamoto kuchokela ku Nyimba. Mpando sanawapatse. Anangowayang'ana m'chiuno, n'kugwedeza mutu. Mayi uja anali atanenepanso.

Mlandu unali wa Natasha, mwana mmodzi yekha amene malemu amuna ao, a Bonaventure, anawasiyila. Mtsikanayu anapita kukaphunzila sekondale ku Nyimba, kwa a Charity omwewo, mlongo wa atate ake, masaya ali phwii. Anabwelela ku Kalindawalo ngati phesi la chimanga. Tsopano tsitsi linali kuthothoka, kumwezi analeka, ndipo ndowa yopanda madzi inali kumugwetsa.

Anthu a m'mudzi, pakamwa posatseka, anati ndi matenda aja. A Eneless anamukokela kukiliniki, magazi anapimidwa, sanapeze kanthu. Anauza aliyense, ngakhale amene sanafunse. Atatelo anayamba kuphika. Phala la nsinjilo, mazila, kandolo, mpaka nkhuku zinatha m'khola. Natasha, mwana waulemu, sanali kukonda kutafuna pamaso pa anthu. Anali kulandila mbale ndi manja awili, kulowa nayo kuchipinda kwake, ndipo mbaleyo inali kubwela yoyela ngati yochita kunyambita.

Koma thupi, ayi ndithu.

Apa a Eneless sanafune digili. Chakudya sichisowa chabe. Ngati sichinenepetsa wochidya, ndiye kuti chikunenepetsa wina. Nanga pamtundu ponsepa, ndani anali kufufuma ngati chitumbuwa m'mafuta? Yankho lake ndi ilo linali litaima pabwalo, chikwama kukhwapa.

Ng'anga ya ku Sandwe inalonjeza kuti idzabweza ufitiwo kwa mwini wake, koma inafuna nkhumba yonona. A Eneless anali nayo. Chikololele chimanga, nkhumba za m'mudzi zinali kungoyendayenda kudzifunila zokha, za anzao nthiti pamtunda, koma yao inali kunyezimila. Iwo anali kuti ndi dzanja labwino. Mawa lake m'mamawa inali kudzakwela njinga kupita kwa ng'angayo.

A Charity anakhala okha pamtondo, n'kuyamba kufotokoza mofatsa. Anati anakafunsa dokotala. Matendawa alipo, dzina lake anolekisiya, ndipo amakhala muubongo. Munthu aliyense ali ndi malo muubongo amene amamuchititsa nyansi akaona chowola, kuti asadye n'kudwala. Kwa wodwala uyu malowo amalila mabodza. Chakudya chabwinobwino chimamuchititsa mselu, thupi lake lomwe limamunyansa, ndipo ngakhale atatsala mafupa okhaokha amadziona wonenepa. Si mwano, si kudzikonda. Ku Nyimba komwe, anatelo a Charity, mwanayu anali kubisa chakudya. Akapanda kupita kuchipatala, mtima ungathe kuima.

A Eneless anaseka kuseka kopanda mano.

"Alamu, ine ndinalekela Giledi seveni, koma ndikudziwa kuti ubongo ulibe mphuno. Nyansi pa nkhuku yanga? Kuno kwathu munthu amakana chakudya chifukwa wakhuta, kapena wafa."

"Munamuonapo akumeza?"

"Ndimaona mbale. Komanso ndikuona chiuno chanu."

A Charity anafunsa tanthauzo la mau amenewo, ndipo anauzidwa mosapsatila. Anauzidwa kuti mchimwene wao atamwalila, iwo ndi amene anathamangila kutenga mwana, ati kuthandiza, ndipo onani tsopano wothandizidwa ndi ndani. Anauzidwa kuti akonzeke, chifukwa nkhumba iyi ikangofika ku Sandwe, mafuta onse akubawo adzasungunuka pamaso pa anthu. A Charity anayamba kulila. A Eneless anati misozi ya mfiti ndi madzi a m'chithaphwi.

Koma anafuna kuti mfitiyo ione ndi maso ake. Anapakula phala la nsinjilo m'mbale yachitsulo, anathilamo shuga wambili, n'kuitana Natasha. Mtsikana anatuluka akugwila khoma, majuzi awili pathupi dzuwa likuswa mtengo. Anagwadila azakhali ake, analandila mbale ndi manja awili, anathokoza, n'kubwelela kuchipinda.

"Khalani pomwepo," anatelo a Eneless. "Muone ngati mutsale kanthu."

M'nyumba munamveka supuni ikugunda mbale. Nkhumba inatukula makutu. Inakoka chingwe kamodzi, kawili, chingwe chinaduka. A Eneless anaithamangila akuitukwana pamodzi ndi makolo ake, a Charity ali pambuyo. Koma nkhumbayo sinalowele kuthengo. Inazungulila kuseli kwa nyumba mosasochela, n'kukaima pansi pa zenela la Natasha, pamalo osalala ngati popunthila nyemba, mphuno m'mwamba.

Pazenela panatuluka kadzanja koonda. Natasha anali atatseka mphuno ndi chitenje, nkhope atayang'anitsa kumbali ngati wotaya matewela. Anakhuthula phala lonse, n'kutsitsa mbale kuti nkhumba inyambite.