Gulugufe Akhula Mapiko Pamwala

Padangotero, kudambo lina la kuseri kwa phiri kudali Gulugufe wa mapiko akuda bii, onyezimira mobiriwira dzuwa likawomba. Mlamu wake, Tombolombo, sankatopa kumunyoza.

"Alamu, mapikowo mudagona nawo pamakala? Taonani angawa, mbee ngati madzi a pakasupe. Mawa tiuluke limodzi, dambo lonse liweruze wokongola ndani."

Mawuwo adamulasa mtima Gulugufe. Tsiku lonse adakhala akukhula mapiko ake pamwala. Fumbi lakuda lidayoyoka, kunyezimira kuja kudapita nalo limodzi, mpaka udzu unkaonekera kuseri kwa mapikowo. Zinkawawa, koma adakondwa.

Kutacha kudazizira koopsa, chisanu cha mu Juni. Gulugufe adatambasula mapiko kuti aothe dzuwa monga mwa masiku onse, koma dzuwalo lidangodutsa osasiyapo kufunda. Fumbi lomwe adachotsa ndilo linkagwira kutentha.

Tombolombo adanjenjemeretsa mapiko monga amachitira a mtundu wake, thupi n'kufunda, iye n'kunyamuka.

"Alamu, tandidikirani," adatero Gulugufe motsitsa. "Mapiko akukana."

"Si mwayera kodi? Mukufunanso chiyani?" adayankha Tombolombo, uko akupita.

Mpheta idatera chapafupi. Gulugufe adaiona ikudza, kudumpha kamodzikamodzi, osafulumira. Adayesa kukupiza, adayesanso, koma pamwalapo sadasunthe.

Masana nyerere zidapeza mapiko okhaokha. Zidawazungulira, kuwayang'ana, kenako yaikulu idati, "Pafa tombolombo apa. Kaya ngwakuti."

Nthano yanga yagonera pomwepo.