Amene Anabudula Keke

"Khalani pansi, alamu, muone zinthu," anatero telala, akulumikiza kakompyuta kake ku TV yaikulu ndi masipika.

Anaika vidiyo ya ukwati wake, imene iye ndi mkazi wake ankangoionera pafoni. Lero chilichonse chinaoneka mbee, ngakhale ulusi wa pa diresi.

Kenaka, kuseri kwa ovina, kunaoneka munthu akubudula keke isanadulidwe. Anali atavala suti ya mkwati.

Mlamuyo, amene kwa zaka zisanu banja lonse linkamutcha wakuba keke, anasendeza mpando pafupi.

"Alamu, taimitsani pamenepo. Kulitsani nkhopeyo akazi anu, achemwali angawa, aione bwino."

Telala anayamba kupapasa kuseri kwa TV, kufuna waya woti azule.

"Zowala kwambiri chonchi zimawononga maso," anatero.