Kamphaka ka pa Njerwa

"Munalonjeza, mayi a Vitu," anatero Pearson atatchinga pakhomo. "Tsiku lija ku Biwi munati mphaka sadzalowanso m'nyumba mwathu."

Mwiza, mkazi wake, sanaiwale. M'chaka cha 1984 anthu anagenda Makala, mphaka wake wakuda, mpaka kumupha, amvekere ndi wa ufiti. Banjalo linasamuka sabata yomweyo. Tsopano boma linali litasintha, aliyense akuimba za ufulu, koma manja a anthu ankadziwabe kutola miyala.

Panja, pa mdadada wa nyumba za lendi ku Nsungwi, anthu anali atazinga kamphaka kakuda kamene kanabisala pa mulu wa njerwa. Mwana wa a Nachisale, eni nyumbazo, anali chigonere ndi malungo, ndipo kamphakako kanapezeka pawindo pake.

"Kameneka kachita kutumidwa," anatero a Nachisale atagwira mpini. "Mwini wake adziulule, alongedze katundu lero lomwe."

Mwiza anasuzumira. "Mwanayo mwapita naye kuchipatala, amayi?"

"Mukukaikira kumbuyo bwanji? Mukukadziwa eti?" anatero a Nachisale.

Onse anatembenuka. Pearson anamugwira mkono Mwiza, nanong'ona, "Ndinu a Mvano inu. Tikachoka pano tilowera kuti?"

Mwiza anachotsa dzanjalo, nakagwada panjerwapo. Kamphakako kanamukanda, koma anakakulunga m'chitenje.

"N'kanga," anatero, ngakhale anali asanakaonepo chiyambire.

Anadutsa pakati pa anthuwo, napitirira mwamuna wake pakhomo, nalowa nako m'nyumba.