Dumu Wafika

Mayi a mapasa anatsika minibasi miyendo ikuchita kukana. Tsiku lonse anali chiimire kochapira zovala za pahotela, msana uli waliwali. Lero analibe wowanyamulira chikwama. Mwamuna wawo wachiwiri, amene ankawadikira pageti tsiku ndi tsiku kuti abwerere limodzi, anali atamupirikitsa dzulo lake.

Anamupirikitsa chifukwa cha ana.

Atsikana awiriwo, a zaka zisanu ndi ziwiri, anali ndi chiyankhulo chawochawo chimene anapeka okha. Aphunzitsi ankati n'zachibwana, zidzatha. Mayi sanatero. Ankatchera khutu uku akusita, mpaka anagwira kayendedwe kake. Kwa anawo, chochitika ndicho chimayamba, wochita n'kubwera pambuyo. "Fe Nini" ndiye kuti mphaka wafika. "Sa Nini", mphaka wagona. Koma munthu woopsa sadikira kumapeto, amatsogola, ndipo mawu amatsika mpaka kunong'ona. Woopsayo anali mmodzi yekha, ankamutcha Dumu.

Madzulo alionse, iwo ndi bamboyo akangoponda pakhonde, ankamva kuseri kwa chitseko: "Dumu fe." Kuseka kunkazima ngati nyali yatha mafuta. Akalowa ankapeza ana ali phee, manja pamaondo. Mayi, ndi kutopa kwawoko, ankangoyambapo za mbale zosatsuka ndi nsapato zotayidwa pakhomo, nthawi zina patapata ali m'manja. Koma mtima unkawawa. Bambo wowapeza ameneyu amawachita chiyani anawa mayi wawo akatembenuka?

"Mwawatani ana anga?" anamufunsa dzulolo.

"Ine? Si ndimawagulira maswiti, mayi a mapasa?"

"Maswiti amabisa zambiri. Tengani zanu muzipita."

Bamboyo sanakangane, sanali munthu wa mawu ambiri. Anapinda malaya ake, n'kusiya kiyi pamwamba pa wailesi. Ana anamuperekeza ndi maso pazenera.

Zinawapweteka mayi, kunama n'kulakwa. Munthu wokunyamulira chikwama satoledwa pamsewu. Koma mwamuna umatha kupeza wina, ana ndi magazi ako. Usiku anagona chammbali pabedi lalikulu, akudziuza kuti achita bwino.

Tsopano anakwera masitepe a pakhonde mwapang'onopang'ono, dzanja pabondo. M'nyumba munali chikhakhali. Wina ankathamangitsa mphaka, wina akukuwa "Fe Nini, fe Nini!" mpando n'kugwa. Mayi anaima kaye kumvetsera. Anamwetulira koyamba sabata yonse. Nyumba ya ana imayenera kumveka chonchi. Dumu wapita, sadzapondanso pano.

Anapisa dzanja m'chikwama, makiyi n'kulira.

Kuseka kunazima.

"Dumu fe," mwana wina ananong'ona.

Mayi anacheuka msanga kuti amuone wabwererayo. Pakhonde ponsepo anali okha.