Masheya a Fakitale ya Anyezi

Tiyi anafika patebulo ali wakuda bii, monga amamukondera anthu a kuno ku Sohag. Loya Refaat anangomukankhira pambali ndi chala, osamulawa n'komwe. M'holo ya fakitale youmitsa anyezi munamveka kung'ung'udza. Kuno mlendo sakana tiyi.

Chopweteka n'chakuti munthuyu ankanena zoona. Uloya wake wonse unathera pa nkhani imodzi, yothandiza antchito kukhala ndi masheya m'makampani omwe amakhetseramo thukuta. Ndi iye amene analemba malamulo a bungwe la antchito a pano, muja boma linkagulitsa fakitale. Tsopano mpondamatiki wina wa ku Cairo, dzina lake Nashaat, ankafuna masheya onsewo. Aliyense ankadziwa kuti mkuluyu akusirira malo a m'mbali mwa mtsinje, osati anyezi.

"Musagulitse," anatero Refaat. "Mukagulitsa, chaka chino sichitha makina asanazime, ndipo ana anu azikapempha kusiteshoni. Ndibwereze? Paja mitu ya kuno zinthu zimachedwa kulowa."

Haji Abdel-Radi, tcheyamani wa bungwe, anadzuka pang'onopang'ono atatsamira ndodo. Anabwera atatsimikiza zokana kugulitsa, ndipo iye akakweza dzanja holo yonse inkakweza.

"Bwana loya, sitinakuitaneni kuti mudzatitukwane pakhomo pathu."

"Khala pansi, Abdel-Radi." Dzina lokhalokha, popanda Haji, pamaso pa ana ake ndi akamwini ake! "Iwe ntchito yako ndi kusenda anyezi. Za masheya undisiyire ine. Pano sungagulitse kanthu ine ndisanavomere."

"Sindingagulitse? Ine? Katundu wanga yemwe?"

"Mphamvu imeneyo ulibe. Mwina ukapemphe kaye kwa akazi ako kunyumba."

Mpando unagwa. Anyamata awiri anawakha ndodo ya Haji ili m'malere.

"Ndimveni nonse! Dzuwa likalowa lero ndisanasaine zogulitsa, mkazi wanga ndamusudzula katatu! Tione ngati kaloya ka tayi kangandiletse!"

Lumbiro lotere, pamaso pa amuna, silibwezedwa, ndipo kusudzula katatu kumathetseratu ukwati. Haji anazindikira mawu atatuluka kale, nkhope yake n'kugwa. Tsopano anayenera kutaya chimodzi, fakitale kapena Umm Gaber, mkazi amene anakalamba naye. Anakweza dzanja kuvomera zogulitsa, akuyang'ana pansi. Ana ake anakweza, akamwini anakweza, kenako holo yonse, ena misozi ikutsika mwakachetechete.

Refaat anatseka chikwama chake mwaukali. "Ndakuchenjezani. Mudzandikumbuka muli ndi njala."

"Choka, galu iwe!" anakuwa wina kumbuyo.

Nsapato inamupeza pamsana asanafike pachitseko. Wina anamulavulira pajekete. Zinali zomvetsa chisoni kuona munthu amene anawapatsa masheyawo akutuluka ngati wakuba pamsika. Sanacheuke. Anadutsa pabwalo, anatuluka pageti, n'kukhota kuseri kwa mpanda, kumene kunaima galimoto yotseka magalasi. Analowa kumpando wakumbuyo n'kuyamba kupukuta jekete ndi mpango.

"Phokoso lonselo? Wawanyengerera koma?" anafunsa Nashaat, amene ankamudikira m'galimotomo.

"Munthu wa kuno sanyengereredwa, bwana," anayankha Refaat. "Umangomuletsa pamaso pa anthu ake. Asaina dzuwa lisanalowe."