Gulu la Akwathu

"Achimwene, mwamuna wanga wadziwa bwanji kumene ndikukhala?" anafunsa Rukiya, diso lakumanzere litatupa mpaka kutsekeka.

Mbaraka anali woyang'anira makompyuta pasukulu ina ku Fordsburg, kumene Rukiya ankaphunzira. Mayiyu anathawa nkhanza ku Diepsloot n'kukabisala ku Hillbrow, ndipo adiresi yatsopanoyo anailemba kamodzi kokha, pafomu imene anatumiza ku ofesi ali pakompyuta ya m'kalasi.

"Sizingatheke kuti wina waiona adiresiyo muno, achemwali. Makompyuta anu onse ali m'kati mwa makina amodzi, koma ndinawagawa m'magulu. Zotumiza gulu lina, gulu linzake silingazione."

"Ine munandiika gulu liti?"

Mbaraka anatsegula mndandanda. Azulu anawaika paokha, a ku Zambia paokha, Amalawi asanu ndi mmodzi pamodzi kuti azitumizirana manotsi mosavuta. Zotseka pakati pa anthu akwawo, oswalira mzikiti umodzi, sanaziganizeko n'komwe.

Chala chake chinaima pa dzina la Fahad, amene iye mwini anamuphunzitsa kusuzumira zodutsa pa netiweki.

"Fahad ndi ndani wanu?"

"Msuweni wa mwamuna wanga. Ndinkamubisira ngakhale takisi imene ndimakwera."

Mbaraka anapatula kompyuta iliyonse payokha. Ntchitoyo inangotenga mphindi ziwiri.

"Ndatseka, achemwali. Palibenso angaone zanu."

"Kompyutayo mupatse wina," anatero Rukiya, akukonza mpango wake. "Mwamuna wanga ali pageti ndi mwana wanga. Wandipatsa mphindi zisanu zotsanzikira."